Chaka Chimene Mkulu Wanga Anatalika

Chinali chidendene cha nsapato, chokhachokha, chopanda nsapato yake. Chinali chofiira, chosongoka ngati msuka wa khasu, ndipo kumtunda kwake kunali timisomali topindika timene tinkandikanda pamsana. Ndinkachikulunga m'kansanza ka chiguduli n'kuchibereka ngati mwana. Anzanga ankabereka zitsononkho, ine chidendene cha gogoda, ndipo ndinkayenda monyang'wa poganiza kuti ndawaposa onse. Chinkanunkha fodya mpaka tsiku limene chinatayika. Chilichonse chochokera pa esiteti ija chinkanunkha fodya, ngakhale madzi a mumtsuko.

Lero ndine telala pa boma la Kasungu, ndimasoka madiresi a ukwati. Mkwatibwi aliyense amabwera ndi nsapato zake za gogoda m'jumbo kuti ndiyeze kutalika kwa diresi atazivala, ndipo ndimayeza, ndi ntchito yanga. Koma ndisanagwire tepi ndimamuuza kuti avule kaye, aime pansi ndi mapazi ake, ndimuone. Ena amaseka, ena amati telala uyu ngovuta. Azinena. Sindidana ndi nsapato ayi, mkazi wamkulu akagula ndi thukuta lake azigogoda mpaka msewu ung'ambike. Koma pali zina zimene ndikazikumbukira zimandiipira mpaka lero, ndipo zinayambira pa nsapato.

Tinafika kuno pa lole ya matenanti, kuchokera kwathu ku Phalombe, bambo atamwalira. Esitetiyo inali kuseri kwa Santhe, pa dziko lathyathyathya loti ukaima m'mawa umaona munthu amene akupeze masana. Tinali amayi, mkulu wanga wamkazi, ine, ndi malume, mlongo wawo wa amayi. Malume ndiwo analembedwa utenanti, ife tinali manja awo. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Akanena kuti mwana uyu apite uku, amayi ako okubala amangoti chabwino achimwene, ngakhale mtima uli kwina. Mwambo umenewu unapangidwa kuti ana amasiye asasowe wowaimira, ndipo ndaonapo amalume ena akugulitsa njinga yawo kuti mphwawo aphunzire. Athuwa anautenga mwambowo ngati mmene munthu amatengera khola la mbuzi.

Mkulu wanga anali mu sitandade seveni, atangotha msinkhu dzinja lomwelo. Anali wamfupi, wa masaya ngati mwana woyamwa. Ankaopa mabingu, ankasewera nane phada kuseri kwa nyumba, ndipo akaluza ankakwiya n'kumwaza miyala. Ankati adzakhala namwino, chifukwa anamwino sagwira khasu. Ine ndinali kumbuyo kwake ndi makalasi angapo, mano ena asanamalize kumera.

Nyengo imene ndikunenayi ndi ya chisanu, fodya atauma m'zigafa, zisakasa zazitali zija zofolera udzu. Fodya wouma ukamugwira masana amanyenyeka, choncho tinkadzuka mame asanakamuke kukamutsitsa akadali wofewa. Kenako tinkakhala pansi pa chigafa kumusankha, tsamba lililonse ndi anzake ofanana nalo, n'kumanga timitolo timene amati ndindi. Ife ana tikaweruka kusukulu tinkangofikira pomwepo. Fumbi lake linkalowa m'mphuno, m'maso, pakhosi, ukamina zinkatuluka zakuda. Manja ankamata phula losamva sopo, ndipo chilichonse chimene wagwira n'kuika pakamwa chinkawawa, ngakhale mbatata. Mphepo ya mwera inkang'amba mapazi athu, ming'alu yoti n'kubisamo njere ya chimanga. Nsapato zimene tinkazidziwa pa esiteti zinali patapata wosokerera ndi waya, ndi jombo za akapitawo.

Gogoda tinkamuona kumapazi kwa munthu mmodzi yekha, aphunzitsi athu aakazi. Ankabwera pa njinga atavala patapata, gogoda ali m'jumbo pa keliyala, n'kudzavalira pakhonde la sukulu, pakuti m'dera lonse lija simenti ya pakhonde ija ndi yokhayo imene gogoda akanalirapo. Go, go, go. Tikangomva, phokoso lonse zii. Kwa ife kumeneko kunali kulira kwa munthu wa malipiro a pamwezi, wosamba ndi sopo wonunkhira, woti akapita kuofesi amamupatsa mpando. Azimayi a pa esiteti ankati kale nsapato zotere ankabwera nazo akazi ochokera ku Halale ndi ku Joni, ndipo m'midzi ankawanena kuti ndi oyendayenda, ataya mwambo. Koma onenawo ankanena maso ali kumapazi komweko.

Tsiku lina tikusesa khondelo mkulu wanga analimba mtima n'kufunsa aphunzitsi ngati sizipweteka. Anaseka, nati zimapweteka ndithu. Kenako anatiuza zimene sitinazikhulupirire, kuti nsapato zimenezi anayamba kuvala ndi amuna, asilikali okwera pa akavalo kumaiko akutali, kuti phazi lizikola bwino pa chitsulo chopondera. Mafumu aafupi a kwa Azungu anazitengera kuti azioneka ataliatali pamaso pa anthu awo. Amuna atatopa nazo anazisiyira akazi. Tinaseka mpaka misozi poyerekeza malume atavala gogoda akupita kukathirira nazale. Koma pali mawu amodzi a aphunzitsi amene ananditsalira m'mutu ngakhale sindinawamve tanthauzo. Anati imeneyi si nsapato yopitira kwina, ndi yoimira kuti ena akuone.

Tsono akapitawo. Eni esiteti ankakhala ku Lilongwe, tinkangoona fumbi la galimoto lawo. Amene ankatilamulira tsiku ndi tsiku anali akapitawo, bambo wamfupi, wa imvi zodetsa ndi polishi wa nsapato, mkazi ndi ana aakuluakulu ali kwawo ku Lisasadzi. Ndiwo ankagawa chimanga cha phoso, chakudya cha matenanti. Ndiwo ankanena kuti fodya uyu ndi wabwino, uyu ndi zinyalala, ndipo chaka chonse cha tenanti chinkathera pa lilime lawo. Anali ndi chikhadabo chachitali pa kachala kakang'ono, chachikasu, chopindika. Ndi chimenecho ankang'ambira msempha wa tsamba poona ngati lauma, ankatokosera m'khutu, ankatokosera m'mano, n'kutapiranso mchere pa mbale ya eni ake. Mpaka lero ndikaona mwamuna woweta chikhadabo chotero mu minibasi, ndimasintha mpando.

Ndi chikhadabo chomwecho anayamba kudzutsira chibwano cha mkulu wanga. "Wakulatu uyu, eti atenanti?" Malume ankaseka ngati amva nthabwala ya chaka. Akapitawo anayamba kuchedwa pa chigafa chathu, kubwera ndi masikono m'thumba la jekete, ndipo fodya wathu, amene dzana anali wamawangamawanga, anakongola mwadzidzidzi. Anayamba kunena zoti chaka chamawa malume apatsidwa munda wa kufupi ndi dambo, mwinanso n'kukhala wachiwiri wawo. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ine ndinkangodya masikono.

Kumudzi nsapato sagula popita ndi mwini phazi. Amatenga kachingwe, kuyeza kuchokera ku chidendene mpaka ku chala chachikulu, kudula, n'kupita nako kumsika. M'mawa wina malume anadula kachingwe kosokera mabelo, nauza mkulu wanga kuti aponde pa chiguduli. Anagwada pansi, munthu amene sanagwadirepo mwana chibadwire, n'kuyeza mosamala ngati akuyeza malire a munda. Kachingweko anakapinda n'kukapereka kwa akapitawo. Amayi anapitiriza kumanga ndindi osadzutsa mutu, koma ndindi imeneyo anaimanga mothina mpaka tsamba lomangira linaduka.

Nsapato zinafika tsiku la msika wa pa Santhe, za pa kaunjika, zitakulungidwa m'pepala la simenti. Zinali zofiira ngati tsabola wakupsa, zowala moti nkhope yanga inkaonekamo, zidendene zazitali kuposa chala cha malume. M'kati mwake munali chidindo chakuda cha phazi la mkazi wina wa kutsidya kwa nyanja amene anazitaya, zala zonse zikuoneka. Zinkanunkha mankhwala a m'belo ndi thukuta lakale. Ine ndinkaona ngati zagwa kuchokera kumwamba. Malume anati chimenechi ndi chikole chochokera kwa akapitawo. Mawu akuti chikole ndinkangowamva ngati mphatso basi, sindinkadziwa kuti ukalandira ndiye kuti wavomera ukwati. Mkulu wanga ankadziwa. Anabisa manja kumbuyo, malume n'kumulandirira.

Chifukwa chimene chikolecho chinakhalira gogoda osati nsalu kapena ndolo ndinachizindikira nditakula. Eni esiteti anali atanena kuti safuna kumva nkhani ya ana pamalo pawo, kaya kumunda kaya kwina, chifukwa anthu a mabungwe ankayendera maesiteti. Choncho mkazi watsopano wa akapitawo ankayenera kuoneka wamkulu kwa aliyense wodutsa pa galimoto. Azibambo awiri a imvi, malume ndi akapitawo, anakhala pansi pa mtengo, n'kupangana mmene angatalikitsire mwana osadikira Mulungu. Ndikaganiza za kukhala pansi kumeneko, kugwedeza mitu, kugwirana chanza pomaliza, thupi lonse limandinyansa.

Koma kachingwe kamayeza m'litali mokha, sikadziwa za m'lifupi. Phazi lokulira m'mizere ya fodya ndi lotambasuka ngati la bakha, ndipo nsapato zija zinasokedwera phazi la munthu amene sanapondepo chibuma. Sizinalowe. Malume anadzoza mapazi a mkulu wanga sopo, sizinalowe. Anathira chimanga chonyowa m'nsapatomo kuti chikafufuma zikule, chimanga cha phoso chomwe ankatiwerengera maso tikamakazinga. Zinakulako pang'ono, n'kuyamba kununkha ngati mphale yovunda. Pamapeto pake phazi linalowa chifukwa malume anagwira chidendene n'kukankha ndi manja awiri, mkulu wanga ataluma mlomo.

Madzulo aliwonse, dzuwa likapendeka, ankamuphunzitsa kuyenda m'kati mwa chigafa, pakati pa nsanamira, kuti matenanti ena asaone. Gogoda pa dothi salira, amamira. Akaponda, chidendene chinkalowa pansi n'kusiya kadzenje ngati kobzalamo mtedza. Ankayenda mawondo ali opindika, manja m'mwamba kugwirira mitengo yopachikapo fodya, ngati thole longobadwa kumene, malume ali pambuyo ndi kamtengo. "Wongoka! Mkazi wa akapitawo sayenda ngati wasenza mtolo!" Matuza anatuluka, anaphulika, fumbi la fodya n'kulowa pa zilonda. Amene anadulapo chala pa nthawi yosankha fodya akudziwa mmene fumbi limenelo limalumira. Povula, m'nsapato munkatsala madzi osakanikira magazi, ndipo malume ankayamba kupukuta nsapato, phazi pambuyo.

Amayi ankamutsuka zilondazo ndi madzi amchere osanena kanthu. Kukhala chete kwawo ndinakuda kwa zaka zambiri nditazindikira, mpaka nanenso nditabereka ndi kudziwa kuti mkazi wamasiye wa kudziko la eni, wopanda ngakhale ya basi yobwererera kwawo, amayamba wayang'ana kumene angaponde asanatsegule pakamwa. Pa nthawiyo ine zanga zinali zina. Ndinkachita nsanje. Ndinkatsatira timaenje tija n'kumaikamo timiyala, ndikudzifunsa kuti munthu angalire bwanji atapatsidwa nsapato zoposa za aphunzitsi.

Sukulu malume anamusiyitsa mkulu wanga. Yunifolomu yake anavundikirira dengu la ufa kuti fumbi lisalowe. Ankakhala pansi pa chigafa tsiku lonse, ndipo ndikabwera ankandifunsa monong'ona zimene a m'kalasi mwake alemba pa bolodi, ngati kuti ine ndikanazidziwa.

Aphunzitsi anabwera masana ena pa njinga yawo, atavala patapata, fumbi mpaka m'mawondo. Anati mayeso ayandikira, mwana wawo ali kuti? Malume anawayalira chiguduli mwaulemu wonse, n'kundituma kuti ndikauze mkulu wanga amange duku, avale chitenje cha amayi ndi nsapato zake. Anatuluka m'nyumba atagwirira chitseko. Anali atatalika kuposa amayi, nkhope yokha ndi imene inakana kukula.

"Taonani, aphunzitsi," anatero malume. "Ameneyu ndi mwana? Mwana amatalika chonchi?"

Aphunzitsi sanayang'ane nkhope, anayang'ana kumapazi, pamene nsanza yomangira chilonda inkasuzumira m'mphepete mwa nsapato. Anati avule, amuone. Malume anati chikole savula pamaso pa alendo, mwambo umene anaupeka pomwepo atakhala pa chitsa. Kenako anawonjezera moseka kuti nanga aphunzitsi eni ake savala zomwezi, wawaletsa ndani?

"Zanga ndinagula ndekha, bambo, ndipo zikandipweteka ndimavula."

Nkhani inafika msanga kwa akapitawo, anabwera jombo zikulira, nati pano ndi pa esiteti ya eni, si pasukulu, wofuna kulankhula ndi matenanti ayambe wapempha kuofesi. Aphunzitsi anadzuka, anasasa chitenje, anagwira njinga yawo. Podutsa pamene amayi ankasankha fodya anaima ngati akukonza tcheni, n'kunena motsitsa kuti nyumba yawo ili kuseri kwa tchalitchi cha pa Santhe, munthu sangasochere. Amayi anangotola tsamba lina. Madzulo ake malume anatilalikira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo sukulu ya mtsikana ndi fodya wa pachala. Miyambi nayo ili ndi tsoka, imalowa m'kamwa mwa aliyense.

Malume anagwirizana ndi akapitawo zoti adzamutenge mkulu wanga Loweruka, fodya wathu asanapite pa jeke, chitsulo chopsinjira mabelo. Panalibe zoti chinkhoswe, panalibe zoti tchalitchi, njinga basi. Fodya yense wa chaka chimenecho, kuyambira kutunga madzi a nazale dzuwa likuswa mtengo mpaka ndindi yomaliza, anali akudikira mawu a akapitawo, ndipo mawu a akapitawo ankadikira Loweruka. Aliyense pakhomo pathu ankadziwa zimenezi kupatula ine.

M'mawa wa Lowerukalo malume anapita kukasaka nkhuku yophera mkamwini. Amayi anamaliza kusesa, anatsamiritsa tsache, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsapato zija kudzanja limodzi, nkhwangwa kudzanja linalo. Anapita pa chitsa chowazirapo nkhuni. Atamenya koyamba nkhwangwa inalira ngwee n'kubwerera, pakuti m'kati mwa chidendene cha gogoda muli chitsulo, ndipo palibe mwa ife amene ankadziwa. Anayang'ana mano a nkhwangwa, anagoneka nsapatoyo chammbali, n'kumenya polumikizira, kumenyanso, mpaka chidendene chinazuka ndi misomali yake n'kudumphira mu udzu. Inzake chimodzimodzi. Sanalire, sanatukwane, ankangomenya ngati akuphwanya mafupa a ng'ombe. Kenako anatenga nsapato zodukazo n'kuziika pakhomo moyandikana bwinobwino, mphuno zake zitayang'ana kumwamba.

Ine ndinalira ngati pa maliro. Ndinagubuduka m'fumbi, ndinati amayi ndi oipa, bwenzi atangondipatsa ine. Ndinakwawira mu udzu mpaka ndinapeza chidendene chimodzi n'kuchibisa m'diresi. Mkulu wanga anakhala pansi pakhonde, anawongola miyendo, n'kumangotambasula zala za kumapazi, kuzipinda, kuzitambasulanso.

Malume atafika nkhuku inawapulumuka m'manja. Anagwira mutu, anazungulira nsapato zija ngati akuzungulira manda. "Mwatipha, achemwali! Chaka chonse mwachiwaza ndi nkhwangwa!" Anatchula phoso limene tadya, anatchula lole imene inatibweretsa, anatchula bambo athu omwalira kuti sanasiye kanthu. Amayi anaimiritsa mkulu wanga pambali pawo, mutu wake ukulekeza pakhutu lawo, n'kunena kuti msinkhu wake ndi umenewu, achimwene, wina alibe. Mawu amene amayi ananena nyengo yonse ija ndi okhawo.

Akapitawo anafika dzuwa lili pamutu, atavala jekete ya suti, polishi wa m'mutu akuyenderera ndi thukuta kumbuyo kwa khutu. Pa keliyala ya njinga anali atamangapo kapilo. Anaona nsapato pakhomo, anaona mkulu wanga ali chiimire wopanda nsapato, ndipo sanakalipe. Analowa m'chigafa, anasolola tsamba apa, tsamba apo, kung'amba ndi chikhadabo chija, kununkhiza. Potuluka anati pepani atenanti, fodya yenseyu wachita nkhungu, sangalowe m'belo la bwana. Fodya yemweyo dzulo lake ankamutcha golide.

Akukwera njinga anandiona ine, mamina ndi misozi zili mbwee, nafunsa kuti nanga kamwanaka kakulira chiyani. Malume anayankha ndi mawu a munthu womira m'madzi kuti kakulirira nsapato. Akapitawo anatsika. Anabwera pamene ndinaima, anandidzutsa chibwano ndi chikhadabo chija, chikununkha fodya ndi za m'khutu, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wanzeru ndi uyutu. Muzimudyetsa bwino ameneyu, atenanti. Fodya wabwino amamusankhira ku nazale."

Anawonjezera kuti nkhungu nthawi zina imachoka ikaombedwa ndi mphepo, adzabweranso kudzaona. Ine ndinasiya kulira. Palibe munthu wamkulu amene anali atanditchulapo wanzeru, ndipo ndinamwetulira, mano osakwana aja ali pamtunda.

Kutacha amayi ndi mkulu wanga anapita kumjigo. Malume anandiitana ndi mawu okoma amene sindinawamvepo, mpaka kunditchula kuti mayi. M'manja anali ndi kachingwe kosokera mabelo. Anayala chiguduli, nati ndiponde. Ndinaponda, ndinawongola phazi, ndinatambasula chala chachikulu mpaka chinapweteka kuti kachingwe katalike, nsapato zanga zidzakhale zazikulu ngati za munthu wamkulu. Malume anayeza, anasiyako malo pang'ono kutsogolo kwa chala, nati tionjezereko, akula ameneyu. Anadula ndi mano.

Nditadzutsa mutu ndinaona amayi ataima pangodya ya chigafa, ndowa ili pamutu, madzi akutayikira kumaso osawapukuta. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Anatula ndowa pansi. Anabwera n'kutenga kachingwe kaja m'manja mwa malume, ndipo malume, mwini mbumba, anangotsegula dzanja. Analowa m'nyumba, anachotsa yunifolomu pa dengu n'kupatsa mkulu wanga, anakulunga mabulangete ndi poto m'chitenje. Kachingwe kaja anamangira kukamwa kwa kajumbo ka mchere. Tinatuluka dzuwa likuwala, matenanti onse akuona, fodya wa chaka chonse tikumusiya m'chigafa. Malume anatitsatira mpaka pa msewu akukuwa kuti mukadya chiyani, mubwera pano mukukwawa.

Sitinabwerere. Tinagona m'khitchini ya aphunzitsi kuseri kwa tchalitchi mpaka mvula itagwa, amayi akuyenda maganyu m'minda ya eni mudzi. Pa fodya uja sanaonepo kalikonse, ndipo chaka chimenecho tinadya madeya mpaka m'mimba munazolowera. Mkulu wanga anabwerera kusukulu zilonda zisanapole. Unamwino sanaufike, koma lero amayeza ana kusikelo ya ku Mwase, ndipo anakwatiwa ali wamkulu ndi munthu amene anamufuna yekha. Tsiku la ukwati wake diresi ndinasoka ine, ndipo anavala nsapato zafulati. Malume anamwalira patapita zaka. Kumaliro ndinapita, ndinatunga nawo madzi, ndinaphika nawo, koma misozi inakana.

Zonsezi zinali kutsogolo. Tsiku limenelo, pa msewu wa fumbi wopita ku Santhe, ine ndinkangodziwa kuti amayi andilanda nsapato kawiri. Mkulu wanga ankatsimphina patsogolo, yunifolomu ataikumbatira pachifuwa. Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zidindo, ndipo sanandisiye ngakhale pamene ankakonza katundu pamutu. Chidendene chija chinkandikanda pamsana. Ndinkacheuka, zigafa zikuchepa kumbuyo, ndikuyembekeza kuona njinga ya kapilo ikutithamangira. Ndinafunsa amayi kuti nanga nsapato zanga zikabwera azipereka kwa yani. Anangofulumiza mapazi. Ndinafunsanso, ndinalira, ndinati akapitawo akandipeza palibe apatsa mwana wa tenanti wina, ndipo pa esiteti paja ana aakazi analipo ambiri. Pa zonse zimene ndinaganiza tsiku limenelo, chimenecho chokha ndi chimene ndinalondola. Ndinalira njira yonse mpaka pa Santhe, ndikumuchitira nsanje mwana ameneyo.